Kodi Bwinja Amalipachika Pabalaza?

Ndili ndi funso limene ana a sukulu angandiseke nalo, koma safunsa anadya phula. Kodi munthu wamutu wake wabwinobwino, wogona m'nyumba ya malata yosadontha, angapise m'thumba n'kugula chithunzi cha nyumba ya mnzake itaphwasulidwa ndi mabomba, n'kuchiika m'felemu, n'kuchipachika pabalaza pamene alendo amafikira? Ati kunjaku zimachitika, ndipo ndi malonda enieni. Kuli makampani amene ntchito yawo n'kusindikizanso zithunzi zakale za nkhondo pa pepala lolimba, pa nsalu, ngakhale pa makapu a tiyi. Wogula amangotchula muyeso ndi mtundu wa felemu, iwo n'kumutumizira. Mabwinja a London alipo, a Dresden alipo, a Hiroshima aliponso. Ine zandiimitsa mutu.

Ndine kalipentala wa kuno ku Domasi, cha kumunsi kwa mishoni. Ndimakhoma zitseko, mabenchi, mabokosi a maliro kukagwa zovuta, ndiponso mafelemu. Zimene anthu a kuno amapachika pakhoma ndimazidziwa, poti zambiri zimadutsa m'manja mwangamu. Amabwera ndi chithunzi cha ukwati. Amabwera ndi satifiketi ya Fomu 4, kapena cha mwana atavala gauni tsiku lotsiriza maphunziro ku koleji. Amayi a Mvano amabwera ndi chawo atavala yunifolomu, anyamata ndi timu ya Bullets kapena Wanderers, ena ndi malemu agogo awo atakhala pampando, manja ali pamaondo. Zonsezi zimauza mlendo chinthu chimodzi, kuti awa ndi athu ndipo sitichita nawo manyazi.

Wobwera ndi chithunzi cha khoma lakugwa sindinamulandirepo. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, anthu anajambula nyumba zokwiririka ku Chilobwe, ku Phalombe ndi ku Mulanje, zithunzizo n'kuyenda pa WhatsApp mpaka ku Joni kuti abale atumize kangachepe. Zinali zopemphera thandizo. Kunena kuti wina achisindikize, achiveke galasi, azichipukuta fumbi Loweruka lililonse, anthu angamuyese wodwala. Ndiponso kwathu kuno mudzi ukasamuka, pabwinja pamatsala mitengo ya mango, mafuwa ndi mapale. Timalimapo chimanga poti nthaka yake ndi yachonde, koma mlendo sitimutengerako kuti akaone.

Amene anandionetsa zimenezi ndi mnyamata wina wophunzira zauphunzitsi ku koleji ya kuno. Anali ndi chithunzi pa foni chimene ankafuna kudzapachika m'nyumba yake akadzayamba ntchito. Ndi cha laibulale ya nyumba yotchedwa Holland House, ku London, imene ndege za Ajeremani zinaiphulitsa mu Seputembala 1940. Denga lapita, kumwamba kuli mbee. Mitanda yapsa n'kugwera pakati, pansi pali zinyalala zokhazokha. Koma mashelefu a mabuku ali chiimire mbali zonse ziwiri, mabuku ali ndandanda, ndipo amuna atatu ovala majasi ndi zipewa akusankha mabuku, wina akuwerenga, wina watambasula dzanja, wina akungoyang'ana.

Ndisabise, maso anga anayamba agwera pa mashelefuwo. Mmisiri amene anawakhoma anali munthu. Kenaka ndinayamba kufunsa.

"Aphunzitsi, anthuwa ndi eni nyumba?"

"Ayi bambo, nyumbayi inali ya banja lina lolemera."

"Nanga akutani m'nyumba ya eni? Ndipo ngati amakonda mabuku chonchi, bwanji sakuwatuta? Denga palibe, mvula ikabwera bwanji?"

Anaseka, n'kundiuza kuti ambiri amene anachifufuza chithunzichi amakhulupirira kuti amuna atatuwo anachita kuimikidwa ndi wojambula. Nthawi ya nkhondo zithunzi zinkayamba zadutsa kwa a boma zisanatuluke m'nyuzipepala, ndipo boma linkakonda zoonetsa kuti anthu a ku London sakutekeseka. Apa ndiye mafunso anga anangochuluka. Ngati anachita kuimikidwa, chimene aphunzitsiwa adzapachike n'chiyani, nkhondo kapena sewero? Mabomba amenewo anapha anthu wamba oposa 40,000 ku Britain m'miyezi yosakwana khumi. Ali kuti m'chithunzimo? Mulibe mtembo, mulibe mayi wolira, mulibe mwana wosowa amake. Kodi chikanakhala ndi mtembo pakona, chikanagulidwa? Kapena bwinja limayamba lasesedwa, anthu ake achotsedwamo, ndiye likhale lokongola?

Pali chinanso chimene ati chimagulidwa kwambiri. Usiku wa pa 29 Disembala 1940, London ikuyaka, wojambula wina dzina lake Herbert Mason anakwera padenga la nyumba ya nyuzipepala ya Daily Mail n'kujambula tchalitchi chachikulu cha St Paul's chitaima pakati pa utsi. Nyuzipepalayo inachisindikiza patsamba loyamba patapita masiku awiri, itadulako mbali ya m'munsi mmene munkaoneka kwambiri nyumba zakupsa. Angerezi anachiona n'kulimba mtima kuti tchalitchi chawo chikadalipo. Koma mu Januwale 1941 magazini ya ku Berlin inasindikiza chithunzi chomwecho pachikuto, kuuza Ajeremani kuti taonani, London ikupsa. Chithunzi chimodzi, ena akuthokoza Mulungu kuti tapulumuka, ena akuomba m'manja kuti tawatha. Tsono wochipachika lero akupachika chiti mwa ziwirizi? Chithunzicho pachokha sichinena. Kodi ndiye kuti chimayankhula ndi khoma, malinga n'kuti khomalo ndi la yani?

Ife za khoma timazidziwako. M'nthawi ya Kamuzu chithunzi chake chinkakhala m'sitolo ndi mu ofesi iliyonse, ndipo panalibe chololedwa kukhala pamwamba pake, ngakhale wotchi. Munthu sankapachika chinthu mwachisawawa. N'chifukwa chake ndikamva kuti chithunzi cha mzinda wopserera anthu amachisankha poona ngati chikugwirizana ndi mtundu wa sofa, ndimagwira pakamwa.

Aphunzitsi aja anandionetsanso za ku America, mabwinja a mzinda wa Richmond m'chigawo cha Virginia, ojambulidwa mu Epulo 1865. Makoma aatali opanda denga, mawindo ali pululu. Moto wake anauyatsa ndi asilikali a mzindawo eni ake pothawa, kumapeto kwa nkhondo imene gwero lake linali ukapolo. Nanga amagula ndani? Mdzukulu wa kapolo, kuti azikumbukira tsiku limene goli linathyoka? Kapena mdzukulu wa mwini akapolo, kuti azilira chuma cha agogo ake? Wogulitsa safunsa. Onse awiri amawalipiritsa mtengo umodzi.

Dzina la Virginia ndi limene linandibweza kwathu, chifukwa ndi kumene John Chilembwe anakaphunzira, mu mzinda wa Lynchburg, atapita ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897. Ndiye ndinadzifunsa kuti kodi ife tili nacho chithunzi cha bwinja la nkhondo? Timakonda kunena kuti dziko lathu ndi la mtendere, nkhondo timangoimva kwa anzathu. Koma chipilala cha asilikali a King's African Rifles chili pa Zomba pomwepa, aliyense wolowera ku Blantyre amachiona. Pa 9 Seputembala 1914 asilikali amenewa anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga. M'nkhondo imeneyo, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwidwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali ulendo wapansi mpaka kudziko la Ajeremani kumpoto, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Bwinja lawo lili kuti? Munthu wogwa ndi katundu pamutu sasiya khoma loti wina adzajambule.

Apa pali chinthu chimene ndimachiona ndi maso a mmisiri. Kuti nyumba isanduke bwinja lojambulika, iyenera kukhala ya njerwa kapena ya miyala. Nyumba yaudzu ikapsa pamatsala phulusa, mvula ikagwa kawiri pamera bonongwe. Ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce, kapitawo wamkulu William Jervis Livingstone ankatentha timatchalitchi taudzu timene anthu a Chilembwe ankamanga m'midzi ya pa esiteti. Anthuwo anali a thangata, ambiri Alomwe ochokera ku Mozambique, olima thonje la mzungu m'malo mwa lendi ya malo okhala. Timatchalitchi tawoto tinapsa, osasiya kanthu. Kodi nkhondo ya anthu osauka ndiye kuti ilibe chithunzi? Kodi makoma a dziko lapansi adzadzaza ndi mabwinja a anthu a njerwa okhaokha?

Koma Chilembwe anamanga cha njerwa. Atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mothandizidwa ndi mpingo wa Baptist wa anthu akuda a ku America. Anatsegula masukulu, ndipo patapita zaka anaimika tchalitchi chachikulu cha njerwa zootcha, chokhala ndi nsanja, chomangidwa ndi anthu akuda, mwini wake munthu wakuda. Amene anaumbapo njerwa akudziwa tanthauzo lake. Dothi, madzi osenza pamutu, chikombole, nkhuni za uvuni, usiku wosagona kusonkhezera moto. Nkhondo itayamba, mu Novembala 1914, Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene anthu osauka a dziko lino ayenera kufera nkhondo yosakhala yawo, kusiya akazi amasiye ndi ana oti azikhomabe msonkho. Boma linaitsekereza kalatayo.

Loweruka pa 23 Januwale 1915 usiku, anthu ake anaukira. Ku Magomero anapha Livingstone n'kumudula mutu, ndipo azungu ena awiri anaphedwanso pa minda yomweyo. Akazi ndi ana a azungu sanawaphe. Gulu lina linapita ku Blantyre kukathyola nyumba ya mfuti ya kampani ya Mandala, koma linangopeza mfuti zochepa. M'mawa mwake, Lamulungu, Chilembwe analalikira ku Mbombwe mutu wa Livingstone uli pomwepo. Pa 26 Januwale asilikali a boma analowa pa mishoniyo n'kupeza anthu atabalalika. Tchalitchi chija, chikadali chatsopano, anachiphulitsa ndi dainamaiti. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa cha ku Mulanje, kufupi ndi malire, ndipo manda ake sanaikidwe chizindikiro. Anthu pafupifupi 40 anaphedwa ndi boma pambuyo pake, ena pafupifupi 300 anatsekeredwa m'ndende.

Zithunzi za ku Mbombwe za masiku amenewo zilipo. Ndiye kuti nafenso tili nalo bwinja la nkhondo, la njerwa, lojambulidwa, la m'chaka chimene Azungu ankaphana kwawo. Tsono ndiloleni ndifunse mwaumbuli wanga. Tchalitchicho chinalakwa chiyani? Njerwa zimaukira boma? Anthu anali atathawa kale, munalibe woti n'kumenyana naye. Boma likanatha kukhoma chitseko ndi loko, kapena kuchisandutsa mosungira katundu, poti nyumba ya njerwa masiku amenewo inali chuma. Anasankha kuononga dainamaiti. Bwanji? Ine ndikuona ngati ankafuna kuti aliyense wodutsa aone chimene chimachitika munthu wakuda akamanga nsanja. Ndipo tsiku limenelo pamalopo panali asilikali ndi azungu a mbali ya boma, eni tchalitchi ali m'tchire. Wogwira kamera anaima kumbali ya ophulitsa. Kodi pamenepo kujambulako sikunali mbali ya chilango chomwecho, kuti amene sanafike ku Mbombwe aonenso?

Funso limene landisowetsa tulo ndi limeneli. Ine Mmalawi wa lero nditachipachika chithunzi chimenecho, ndikuwatsiriza ntchito anthu amene anachijambula, kapena ndikuwaimba mlandu? Maso amene ndikuonera ndi awo. Ndaima pamene anaima iwo. Koma khoma ndi langa. Ngati Angerezi ndi Ajeremani anatha kulimbirana chithunzi chimodzi cha St Paul's, kodi ifenso tingalande chithunzi cha mdani n'kuchisandutsa umboni wathu? Chimasintha mwini pongochisamutsa khoma, kapena pamafunika china?

Ndipo kuno ku Domasi nkhaniyi si ya kutali. Mishoni ino anaiyambitsa ndi Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland mu 1884, pakati pa Ayao a mfumu Malemia, m'tsinde mwa phiri. Pofika 1915 anali atasamukira ku Blantyre monga mtsogoleri wa mishoni yonse. Zipolowe zitatha, azungu a minda ndi akuluakulu ena a boma analoza chala mamishoni a Asikoti, ati ndi amene amaphunzitsa anthu akuda mopitirira muyeso. Anali ndi pogwira. John Gray Kufa, mmodzi wa madikoni oyamba a mishoni ya Blantyre, munthu wodziwa ntchito ya chipatala, anali m'gulu la Chilembwe, ndipo boma linamupha. Litakhazikitsidwa bungwe lofufuza, Hetherwick anakaima pamaso pake kuteteza maphunziro a anthu akuda, n'kudandaulanso za mwambo wokakamiza munthu wakuda kuvula chipewa akakumana ndi mzungu, mzunguyo osabweza ulemu. Abusa Harry Matecheta ndi abusa Stephen Kundecha, oyamba achikuda kudzozedwa mu mishoni ya Blantyre mu 1911, anaperekanso umboni wawo.

Ndiye makolo athu a mpingo uno anali mbali iti? Sanapite ndi Chilembwe ngati mpingo. Sanavomerezenso zimene zinkachitika ku minda. Tchalitchi chathu chinatsala chiimire, cha ku Mbombwe chinagwa. Kodi chithunzi cha bwinja limenelo chitapachikidwa pa sukulu ya mishoni pano, kapena m'chipinda chimene akulu a mpingo amakumana, chinganene chiyani? Kuti tinapulumuka chifukwa tinali ochenjera? Kuti tinapulumuka chifukwa mwini wake anali mzungu? Abusa, ndithandizeni, funsoli si lachipongwe.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti nkhope ya Chilembwe ndiye sitiyiopa. Pa 15 Januwale chaka chilichonse timapuma pokumbukira iye. Ali pa K500, imene kumbuyo kwake kuli damu la Mulunguzi la paphiri pathu pomwepa, ndipo alinso pa K2000. Amayi amamumanga pa mfundo ya chitenje, makondakitala a minibasi amamupinda pakati pa zala.  Zithunzi zodziwika za iye ndi za mishoni yake zina anajambula ndi Mungo Murray Chisuse, mkulu wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, mmodzi wa anthu akuda oyambirira kugwira kamera m'dziko lino. Iye ankajambula anthu atatchena, ataima mwaulemu pamaso pa nyumba zawo. Wakuda anajambula tchalitchi chili chiimire, a boma anajambula atachilanda. Kodi mwina posankha nkhope n'kusiya bwinja tinasankha maso a Chisuse? Ngati ndi choncho, tinasankha tikudziwa, kapena bwinjalo sitinalionepo n'komwe?

Ngakhale ku London komweko, kwa eni zithunzi za mabomba, anasankha munthu woima. Mu Seputembala 2022 anaimika pa bwalo la Trafalgar Square chiboliboli chotchedwa Antelope, chopangidwa ndi Samson Kambalu, mwana wa dziko lino amene amaphunzitsa zaluso ku Oxford. Anachitengera pa chithunzi cha 1914 cha Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley. Onse awiri avala zipewa, ndipo Kambalu anamukulitsa Chilembwe kuposa mzunguyo. Chipewa chomwe chija Hetherwick anakachidandaulira. Chithunzi chimene anatengeracho ati chinajambulidwa pa tchalitchi cha ku Mbombwe, chisanathe chaka n'kuphulitsidwa. Anthu a ku London anaona munthu ndi chipewa chake. Tchalitchi chimene chinali kumbuyo kwake anachiona?

Mwina wina andiyankha kuti bwinja limakoma likakhala la kale, misozi itauma. N'kutheka. Ku Coventry, tchalitchi chachikulu chitaphulitsidwa mu Novembala 1940, anasiya makoma ake akupsa chomwecho n'kumanga chatsopano pambali, chimene chinatsegulidwa mu 1962. Anthu amapita kukajambulitsa pamenepo. Ku Mbombwe nakonso moyo unabwerera. Dokotala Daniel Malikebu anatsegulanso mishoniyo mu 1926, chinamangidwa tchalitchi china, ndipo mpingo wa PIM ulipo mpaka lero. Zaka zadutsa zoposa 100. Misozi imauma pakapita zaka zingati? Alipo amene amalengeza kuti tsopano bwinja ili lapola, mukhoza kukongoletsera nyumba?

Nanga la dzana? Amene anayendapo pa msewu wa pakati pa Ntcheu ndi Dedza nkhondo ya ku Mozambique itangotha akukumbukira masitolo a tsidya la msewu, opanda madenga, makoma obooka ndi zipolopolo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inatha mu Okutobala 1992, itathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi. Ena anakwatira konkuno, ana awo ndi anansi athu, timapemphera nawo. Mlendo wochokera kunja atajambula sitolo yotero dzuwa likulowa, n'kukaigulitsa kwawo pa nsalu yaikulu, walakwa kapena sanalakwe? Ndalamayo ndi ya yani? Ya wojambula, ya kampani, kapena mwini sitolo ali ndi gawo? Ndikapanga mpando ndi thabwa la munthu wina, mwini thabwa ndimamulipira. Mwini bwinja amamulipira ndani?

Palinso ichi, chimene sindingachilumphe ngakhale chikundivuta. Pa 26 Januwale pomwepo, anthu a Chilembwe anatentha mishoni ya Akatolika ku Nguludi n'kuvulaza wansembe koopsa. Nalonso linali bwinja, la sabata yomweyo, m'boma lomwelo la Chiradzulu. Ndikapachika la ku Mbombwe, la ku Nguludi ndilisiye? Ndikapachika onse awiri, mlendo adzati ndikufananitsa boma la mfuti ndi dainamaiti ndi anthu a mikondo otopa ndi thangata, pamene sizifanana. Ndikapachika limodzi, mnzanga wa Chikatolika adzati ndabisa. Anzathu ogula zithunzi za Dresden ndi London amatani nalo vuto limeneli? Amapachika mzinda umene anaphulitsiridwa okha, kapena ndi umene anaphulitsa iwo?

Pano pa Domasi pali Malawi Institute of Education, kumene amakonza zimene ana a dziko lonse amaphunzira. Pa Zomba pali nyumba yosunga zolembedwa zakale za boma. Anthu odziwa ali pafupi, ena timakwera nawo minibasi imodzi. Kwa iwo ndikufunsa chonchi. Mwana wa Sitandade 7 amene amadziwa nkhope ya pa K2000, kodi anaonapo tchalitchi chimene munthuyo anamanga? Anachiona chili chiimire, ndi nsanja yake? Anaona zimene zinachichitikira? Ngati chithunzi chotere sichiyenera pabalaza pamene anthu akumwa tiyi, kodi m'kalasi sichiyenera? Ndipo pansi pake mungalembepo chiyani? Mukangolemba kuti Mbombwe, 1915, mwana adzayesa kuti chinagwa ndi mvula.

Mukalemba kuti chinaphulitsidwa ndi boma la atsamunda, mwanena zoona. Koma mwana wochenjera adzafunsa kuti asilikali amene analowa ku Mbombwe anali ndani, ndipo yankho n'lakuti olamula anali azungu, koma onyamula mfuti ambiri anali anthu akuda a King's African Rifles, gulu limene linkalemba kwambiri Ayao a madera ano a Zomba. Amene anawombera Chilembwe analinso apolisi achikuda. M'kalasi imodzi ya kuno mukhoza kukhala mdzukulu wa msilikali, mdzukulu wa Mlomwe wa thangata, mdzukulu wa mtengatenga ndi mdzukulu wa dikoni wa Asikoti, atakhala benchi imodzi. Onse akuyang'ana chithunzi chimodzi. Wina akakweza dzanja n'kufunsa kuti, aphunzitsi, agogo anga tsiku limenelo anali kuti, mudzamuyankha kuti chiyani?